Denga Lotuluka Thukuta

Tsiku limene ndinanyamuka kunazizira koopsa. Unali mwezi wa Juni, chifunga chitagona m'dambo la ku Madzimoyo, ndipo kumsewu kunkamveka mathiraki akubuula pokwera chitunda. Chigayo chinali chisanayambe kulira. Ndikukumbukira njiwa, ndi ngolo ya aneba ikugubuduka kupita kumunda, ndi kadontho kamene kankagwa kuchokera ku malata a nyumba yathu yakale. Mvula kunalibe. Malata athu ankachita choncho chaka ndi chaka kukazizira, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake. Tinkangoti denga latuluka thukuta, n'kusuntha mphasa.

M'mawa umenewo chimene ndinasuntha ndi sutikesi.

Inali ya mkazi wanga, amake Daliso, amene tinali titamuika m'manda chaka chapitacho. Kwathu zovala za malemu amagawana abale ake, ndipo akamaliza kugawana m'pamene amammasula wamasiye kuti aziona za moyo wake. Zovala za tsiku ndi tsiku anagawana maliro atangotha. Koma yunifolomu yake ya azimayi a kutchalitchi, chitenje cha pa ukwati wathu, maduku awiri ndi buku lake la nyimbo, ndinapempha kuti zidikire. Mtima wanga unali usanalole. Amene ndinawapempha ndi alamu anga a Tereza, mkulu wake wa malemu, mayi wosabisa mawu.

“Alamu, zinthu zimenezi si zanu,” anatero. “Ndi zathu ife akuchikazi. Koma poti mwapempha mwaulemu, sungani. Mukadzabwerako ku Joni kwanuko mudzatipatse zili bwinobwino, ifenso tidzakumasuleni bwinobwino.”

Ndinalonjeza. Ndinakiya sutikesi, kiyi wake n'kumumangirira ku kolona yanga. Mwana wanga wamwamuna Daliso ananditengera chikwama panjinga mpaka kumsewu, mlongo wake Zelipa atandikazingira nshawa za paulendo. Ndinadutsa malire pa Mwami kukakwera basi ya ku Lilongwe. Ndinawauza kuti ndikakhala chaka chimodzi. Zaka zimene ndinakhala sindikonda kuzitchula.

Ku Joni sindinakhalitse. Wina anandiuza kuti ku Kepi kuli ntchito za zomangamanga, ndipo ndinapitirira mpaka kumene msewu umathera m'nyanja. Dziko limenelo linandisokoneza kuyambira tsiku loyamba. Kwathu kukazizira kumwamba kumakhala kuli mbee, koma kumeneko chisanu ndi mvula zimabwera pamodzi, mphepo n'kumawomba chopingasa, ambulera osathandiza kanthu. Tinkakhala amuna asanu m'kanyumba ka malata kochepa ngati khitchini yakwathu. Mmodzi wa iwo anali Yobu wa ku Mchinji, munthu wamfupi wa pakamwa posatseka. Kwawo ndi kwathu n'kungodumpha malire, choncho tinkatengana ngati pachibale. Poona kuti m'mawa uliwonse ndimagwada pakati pa mabedi, anandipatsa dzina loti Abusa.

“Abusa, ameni afika nthawi yanji?” ankatero akumanga nsapato. “Galimoto ya kapitawo sidziwa Chikhristu.”

Yobu yemweyo ndiye anandilowetsa ntchito. Eni nyumba a kumeneko, nyumba ikawachepera, samanga ina pambali monga timachitira ife. Amakwera m'denga. Malo aja a pakati pa siling'i ndi malata, amene kwathu timasiyira makoswe, iwo amaikamo bedi ndi windo, munthu n'kumagona denga litapendekeka pamutu pake. Pakati ungathe kuima chilili, koma m'mbali umayenda chowerama. Chipinda chotere chimatentha ngati uvuni m'chilimwe, nthawi ya chisanu n'kumazizira ngati mumtsuko. Ntchito yathu inali yochifunditsa. Tinkalowetsa pakati pa mapaso chinthu chonga bulangete lochindikala, chopangidwa ndi galasi, chobwera chitakulungidwa ngati mphasa. Dzina lake lachizungu linalipo, koma ife tinkangoti thonje. Ine thonje ndinalima zaka zambiri, koma ili linali lina. Limayabwa ngati chitedze. Limalowa m'khosi, m'zikope, m'khwapa, ndipo ukasamba madzi otentha m'pamene limalusa.

Tsiku loyamba ndinagwira ndi mtima wonse. Ndinkatsendera thonje mpaka likhudze malata, kabowo kalikonse n'kutseka, monga munthu amamatira nyumba kuti mphepo isalowe. Kapitawo wathu anali mkulu wina waimvi, mbadwa ya komweko, wosakonda kulankhula. Anafika, anapisa dzanja kuseri kwa thonje, n'kupeza kuti dzanja silikulowa.

“Chotsa lonse,” anatero, n'kutsika.

Yobu anaseka mpaka kutsamira phaso. “Abusa, mwagwira ntchito ya Akhristu, koma kuno amafuna yachikunja. Anthu awa amagula bulangete n'kulisiyira njira yoti mphepo izidutsa. Musafunse. Ine ndinasiya kalekale.”

Koma ine ndinafunsa. Masana tikudya buledi, kapitawo anatulutsa botolo la chakumwa chozizira n'kuliimika pathabwa. Posakhalitsa botolo lija linayamba kutuluka madzi m'mbali.

“Labooka?” anandifunsa.

“Ayi, bwana.”

“Nanga madzi awa achokera kuti?”

Sindinadziwe. Iye anati achokera mu mpweya. Anati munthu akamapuma, ketulo ikamawira, zovala zikamauma m'nyumba, nthunzi imakwera. Ikafika pa malata ozizira imasanduka madzi, monga pa botolo lija. Choncho pali zinthu zoyenera kusunga. Pakati pa thonje ndi malata pazikhala mpata wa zala zitatu. M'munsi, pamene denga limakumana ndi khoma, pazikhala mabowo oti mphepo izilowera, pamsonga pa denga ena oti izitulukira, kuti iziumitsa thukuta lisanadonthe. Ndipo mkati, kumbali yofunda, uyale pulasitiki, umate ndi tepi paliponse pamene yakumana, kenaka ukhomere siling'i.

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima munali mdima. Mkati usasiye ngakhale kabowo ka singano, kunja usatseke ngakhale kamodzi. Pulasitiki yotchinga madzi uiike mkati, pamene mvula imachokera kunja. Ndinkagwira monga andiuzira, ngati mwana woloweza katekisimu asanamve tanthauzo lake.

Chimene chinanditsegula maso ndi nyumba ya gogo wina wachizungu amene ankakhala yekha ndi galu. Iye ankalimbikira kuti denga lake likudontha, ndipo anthu anali atakwerapo kangapo osapeza pobooka. Titakanganula siling'i ya chipinda chake cham'denga, thonje linagwa lolemera ngati nkhosa yomira m'madzi. Mapaso anali bii. Kapitawo anabaya limodzi ndi msomali, msomali n'kulowa ngati mu mbatata yophika. Amene anagwira ntchitoyo kale anatsendera thonje mpaka kumalata monga ndinachitira ine, mabowo n'kutseka. M'ngodya munali makatoni a zithunzi ndi makalata a mwamuna wake, zonse zitachita chuku. Gogo uja anakhala pa masitepe atagwira chithunzi chimodzi chimene nkhope yake inali itafufutika. Sanalire. Anangofunsa kuti, “Koma mvula yalowera pati?” Kapitawo anamuyankha kuti si mvula, ndi mpweya wake womwe. Ngakhale Yobu tsiku limenelo sanaseke.

Sabata yomweyo Zelipa anaimba foni kuti chiswe chalowa m'nyumba yathu yakale, ndipo sutikesi aiika pa njerwa. Ndinafunsa za malata. Anati akudontha monga mwa masiku onse, koma amaifunditsa thumba. Kuyambira pamenepo maganizo anga sanakhazikikenso. Ndikakwera m'denga la munthu ndinkaona makatoni a gogo uja, kuseri kwake n'kumaona nkhope ya a Tereza.

Ndinaganiza zomanga nyumba ina pamalo pathu pomwepo, ya denga lotsetsereka kwambiri, yokhala ndi kachipinda m'mwamba, kutali ndi chiswe, kofunditsidwa monga ndinaphunzirira. Pansi azikhala Daliso, amene anali atakwatira, m'mwamba muzikhala sutikesi mpaka ndidzabwere. Zimene ndinkapeza zinkapita ku njerwa ndi malata. Thonje ndi pulasitiki ndinatumiza pa ngolo ya basi, kudzera mwa anthu aja onyamula katundu. Ndinkajambula pa katoni ndi pensulo ya ukalipentala, n'kutumiza chithunzi pafoni. Ndinkatumizanso mawu, kubwerezabwereza za mpata, za mabowo, za tepi, mpaka Yobu anaziloweza n'kumazilalikira motsanzira mawu anga.

“Abusa,” anatero tsiku lina, “mukumangira sutikesi nyumba yosanja, inu mwini mukugona m'khola la nkhunda. Kodi kwanu ku Chipata mutu umagwira chonchi?”

Ndinapitiriza kujambula pa katoni. Mwina ankanena zoona.

Kupita ndekha kukayang'anira sikunatheke. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Daliso anapeza mmisiri wa ku Kasenengwa. Ankandiuza kuti anthu odutsa pamsewu amaima n'kumafunsa ngati tikumanga tchalitchi. Nyumba itatha ananditumizira chithunzi cha sutikesi ili m'kachipinda kaja, siling'i ili mbuu. Ndinayamika Mulungu. Kenaka chaka chilichonse kukayamba kuzizira ndinkafunsa funso limodzi.

“Daliso, mabowo aja alipo?”

“Alipo, atate.”

“Palibe wawakhudza?”

“Palibe.”

Zelipa nayenso ankayankha chimodzimodzi.

Chimene chinandibweza ndi chifuwa ndi mawondo. Thonje lija linali litandikhala m'mapapo, ndipo makwerero anayamba kunditalikira. Kapitawo anandipatsa jekete lake lochindikala osanena mawu ambiri. Yobu anandiperekeza ku basi akundinyoza njira yonse, koma basi itaguguza anatembenukira kukhoma. Iye akadali komweko.

Ndinadutsa pa Mwami mwezi wa Julaye, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala pakati pa mathiraki. Daliso anabwera kudzanditenga pa njinga yamoto. Ndinamusiya ali woonda, wamanyazi, ndinamupeza ali ndi mimba ndi mafoni awiri, akundiitana kuti adadi. Zelipa anali ndi ana atatu, ndipo anawo atandiona anathawira kuseri kwa nyumba. Mpongozi wanga, mkazi wa Daliso, amene ndinkangomudziwa pa chithunzi, anandigwadira kutali. Anali ndi bizinesi ya thobwa, ankaligulitsa kwa oyendetsa mathiraki. Kukazizira ankaphikira m'nyumba, mapoto awiri akuluakulu pa mbaula, zitseko zitatsekedwa. Nditalowa, magalasi anga a m'maso anachita chifunga. Ndinayang'ana m'mwamba. Kachitseko kokwerera m'denga kanali pamwamba penipeni pa mapoto aja.

“Makwerero ali kuti?” ndinafunsa.

“Anabwereka aneba, adadi. Pumani kaye. Mwayenda masiku angati?”

“Madzi osamba atentha, atate,” anatero Zelipa. “Zam'mwambazo mudzaona mawa.”

Anandiphera nkhuku. Anthu a mumphakati wathu wa kutchalitchi anabwera kudzapemphera nane. Aliyense ankandiuza za amene anamwalira ine kulibe, ndipo mayina ena sindinathe kuwaikira nkhope. Ndinkamwetulira ngati mlendo pa nyumba yanga yomwe. Uthenga unali utapita kale kwa a Tereza kuti abwere Loweruka.

M'mamawa kutangoyera ndinamva kadontho. Ndinayamba ndaganiza kuti ndikulota nyumba yakale. Ndinamvetsera. Kankachokera m'mwamba. Kunja kunali kopanda mtambo ndi umodzi womwe. Makwerero ndinawapeza kuseri kwa khola la mbuzi atafunditsidwa mapesi.

Nditakankha kachitseko, fungo linandilandira, longa la chimanga chowolera m'nkhokwe. Siling'i imene inali mbuu pa chithunzi inali ndi mabanga akuda, pena itafufuma, pena itagwera mkati. Madzi ankatsetsereka ndi kupendekeka kwa denga n'kukathera m'ngodya yam'munsi, ndipo m'ngodya imeneyo ndi mmene munali sutikesi. Anali ataiika pa njerwa, n'kuifunditsa matumba awiri, matumbawo ali chinyontho. Loko anali atachita dzimbiri. Ndinamasula kiyi ku kolona, ndipo anazungulira movutikira m'loko.

Bulauzi yoyera ya yunifolomu inali ndi madontho akuda ndi obiriwira ngati dzira la nkhwali. Maduku anali atamatirirana. Buku la nyimbo linali litatupa, masamba ake atasanduka chinthu chimodzi. Patsamba loyamba, pamene iye analemba mayina a ana athu ndi dzanja lake, inki inali itayenderera. Ndinakhala pansi chowerama, pakuti pamenepo munthu sangaime. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Nditatsika ndinazungulira nyumba. Pamene denga limakumana ndi khoma, ponseponse anali atamata simenti, mosalala bwino, n'kupaka laimu pamwamba. Pamsonga anali atatsenderamo matumba. Inali ntchito yosamalitsa, ya munthu amene anaikapo mtima. Chimenecho ndiye chinandisokoneza koposa.

Daliso ndi Zelipa anandipeza nditaima pamenepo. Palibe anandipatsa moni.

“Mwamata liti?” ndinafunsa.

“Chaka choyamba chomwe,” anatero Daliso, akuyang'ana pansi.

“Chifukwa?”

“Makoswe, atate.” Adadi aja anali atathawa pakamwa pake. “Mabowo aja anali msewu. Makoswe, mileme, tsiku lina tinapezamo chikopa cha njoka. Anayamba kudya ngodya ya sutikesi. Simunaone?”

Ndinali nditaona ngodya yodyeka, koma sindinaiganizire.

“Ndine ndinamukakamiza,” anatero Zelipa. “Ndinati amayi adyedwe ndi makoswe ife tikuona? Mmisiri nayenso anati nyumba iliyonse amamata pamenepo, iye sanaonepo munthu wosiyira dala makoswe khomo. Anati mwina ku Kepi kulibe makoswe.”

“Nanga pulasitiki?”

“Inatsala yambiri. Mmisiri anati mkati simugwa mvula. Tinayanikira nshawa.”

“Koma waya? Bwanji simunaike waya wa sefa pa mabowo?”

Anayang'anana. “Waya wake uti, atate?”

Daliso anatulutsa foni. Mauthenga anga onse anali atawasunga. Tinakhala pakhonde tonse atatu kumvetsera mawu anga a zaka zapitazo, kumbuyo kwake kukumveka mvula ya ku Kepi ndi Yobu akuseka. Mpata, mabowo, tepi. Mpata, mabowo, tepi. Za waya sindinatchulepo ngakhale kamodzi. Kumene ndinkagwira ntchito, zotsekera pa mabowo zinkabwera kuchokera kusitolo zili ndi sefa wake kale, ndipo ine ndinkangokhoma. Sindinaganizepo kuti n'chinthu choti munthu auzidwe.

Ndinasowa poika mkwiyo wanga. Ndikauika pa iwo unkaterereka, ndikauika pa ine unkaterereka. Koma chinthu chimodzi chinatsala chosaterereka.

“Ndinkakufunsani chaka ndi chaka,” ndinatero. “Munkati alipo.”

“Mukanakana, atate,” anatero Daliso. “Inu munali kutali, makoswe anali pano.”

“Ndipo fungo litayamba?”

“Tinachita mantha,” anayankha Zelipa. “Kiyi anali ndi inu. Tinkati mwina mkati muli bwino.”

Masana ake Daliso anandipeza ndekha kumunda. Anati ku salaula m'tauni, kogulitsa zovala za kaunjika, kumapezeka mabulauzi oyera, chitenje chofanana nacho angathe kuchisaka ku Mwami, tikazichapa kangapo amayi aakulu sangadziwe. Ndikuvomera pamaso pa Mulungu kuti sindinakane msanga. Ndinati ndiganize. Ndinaganiza tsiku lonse lotsatira, n'kumadzifunsa ngati bodza loteteza ana lili tchimo lofanana ndi mabodza ena. Yankho sindinalipeze. Ndinangoona kuti sindingathe kuyang'ana a Tereza akupinda bulauzi ya munthu wosamudziwa n'kumalira. Ndinauza Daliso kuti asapite.

Loweruka a Tereza anafika ndi ang'ono awo awiri. Anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, koma pakamwa panali pomwe paja.

“Iii, alamu! Mwabwera ndi imvi zokhazokha? Ife timati mubwera ndi mzungu.” Anakweza maso kuyang'ana denga. “Ndiye tchalitchi timamva ija ndi imeneyi?”

Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Titapemphera ndinabweretsa sutikesi, ndinagwada, n'kuitsegula ndekha. Fungo linafika kwa iwo mawu anga asanafike. A Tereza ananyamula bulauzi ndi zala ziwiri, ndipo inang'ambika paphewa popanda kukoka. Wamng'ono wa onse anabisa nkhope m'chitenje.

“Alamu, tinakusiyirani zouma.”

“Inde.”

“Zaka zonsezi timamva kuti mukuumitsa nyumba za azungu.”

“Inde.”

“Wachita izi ndani?”

Ndinayang'ana ana anga. Kunena kuti ndine, sikunali kunena zoona zonse. Kunena kuti ndi ana, sikunalinso kunena zoona zonse. Ndili chomwecho Daliso anatsika pa mpando n'kugwada m'fumbi, ndi mimba yake ndi mafoni ake.

“Amayi aakulu, ndine. Atate anatiuza kuti tisatseke, ine ndinatseka. Ndinawanamizanso.”

“Akunama, ndine ndinamutuma,” anatero Zelipa, naye akugwada.

“Iwe unagwira simenti?”

“Ukanamata ndikanapanda kulira?”

“Khalani chete nonse!” anakalipa a Tereza. “Mukulimbirana mlandu ngati ndi nyama? Zelipa, kanditengere sizasi.”

Anatulutsa chitenje cha pa ukwati n'kuchifunyulula pamphasa. M'mbali monse chinali chitawola, koma pakati, pamene chinapindikira mkati, maluwa ake anali owala ngati chagulidwa dzulo. Anadula mosamala, akutaya zowola kumbali. Panatuluka tinsalu tinayi, kalikonse kokwana kumanga kumutu movutikira. Anapatsa ang'ono awo, kena anapatsa Zelipa, kena anasunga okha. Pa bulauzi anachotsa mabatani n'kuwagawanso. Buku la nyimbo analitembenuza kangapo, anayesa kulitsegula, n'kulephera.

“Ili siligawika,” anatero, akundipatsa. “Khalani nalo.”

Kenaka anatembenukira kwa ine.

“Takumasulani, alamu. Simunabise, n'chifukwa chake. Koma ndikuuzeni chimodzi. Mng'ono wanga ankadandaula za denga lodontha ali moyo. Ankabwera kwathu kudzandiuza. Inu munkangoti sunthani mphasa.”

Sananene mokalipa. Anatenga ndodo, anapempha thobwa, n'kuyamba kufunsa mpongozi wanga kuti amathiramo chimera chochuluka bwanji.

Masiku otsatira sindinkalankhula kwambiri. Ana ankandibweretsera chakudya, ine n'kuthokoza, iwo n'kuchoka mwakachetechete. Ndinkafuna kudziwa kuti cholakwa chinayambira pati kuti ndidziwe chochita nacho. Pa simenti? Pa waya amene sindinamutchule? Pa zaka zimene ndinachulukitsa? Kapena kale kwambiri, m'nyumba yakale ija? Lamulungu ku Misa ndinakhala pabenchi anzanga akupita kukalandira Ukaristia, pakuti sindinkadziwa ngati ndine wolakwiridwa kapena wolakwa. Mpaka lero ndikamaganiza sindifika pamapeto pake.

Lolemba m'mawa ndinamva kugogoda kuseri kwa nyumba. Ndinapeza Daliso ali pamwamba pa makwerero ndi hamala ndi tchizulo, Zelipa atagwira makwererowo, pansi pali mpukutu wa waya wa sefa umene anakagula m'tauni osandiuza. Mpongozi wanga anali atatulutsa mbaula ndi mapoto ake panja, akukupiza moto pamphepo, atadzikulunga zitenje ziwiri. Daliso ankamenya molakwika, simenti ikuchoka ndi njerwa zomwe.

“Tsika,” ndinatero. “Ugwetsa khoma.”

“Mawondo anu, atate.”

“Tsika, ndakuuza. Undipatsire zida.”

Ndinakwera pang'onopang'ono, onse awiri atagwira makwerero, wina uku wina uku. Nditagumula chibulumwa choyamba, mpweya wonunkha chinyontho unatuluka n'kundiwomba kumaso. Ndinayang'ana pansi. Anali atakweza nkhope zawo, fumbi la simenti likuwagwera m'maso, osasuntha, osasiya makwerero.

Sindinawauze kanthu tsiku limenelo, pakuti ine si munthu wa mawu ambiri. Koma ndinawakhululukira.